Mlandu wa M'phika Wopha Mkaka

Bwalo linakhala Lachiwiri pansi pa mtengo wa mango, chifukwa pa kachere pamene timazengera milandu masiku onse panali patayanikidwa nandolo wa mayi a kunyumba kwa amfumu, ndipo panalibe nduna yolimba mtima yoti ikamusunthe. Ine ndine mlembi wa bwaloli. Udindowu ndinaupata chifukwa m'mudzi muno ndine ndekha amene cholembera chake sichisowa, poti ndinachimangirira chingwe.

Milandu inalipo itatu. Wa malire a munda unaimitsidwa, mwini munda mmodzi ali ku maliro. Wa mbuzi yodya chinangwa unatha wokha, mbuziyo itadyedwa pa chinkhoswe. Unatsala ndi umene anthu anaubwerera atanyamula mipando ya kunyumba kwawo: a Pulofesa akusumira M'phika pa mlandu wopha mkaka, ndi mng'ono wake Chiwaya pa mlandu wopha mazira.

A Pulofesa si pulofesa. Anagwira ntchito m'tauni zaka zambiri, yodinda mapepala mu ofesi, ndipo atapuma anadzamanga nyumba ya malata ofiira kumtunda kwa mudzi, ya sola padenga ndi filiji m'kati. Mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira foni yaikulu ngati mbale ya ndiwo, upulofesa n'kuyambira pomwepo. Usiku wonse amachezera pa YouTube kuonera azungu a ku America, anthu a masaya ofiira, ataima m'makhitchini onyezimira akugugudiza mkaka wosawiritsa. Kukacha amatsika kudzatiphunzitsa ife, amene tinabadwira m'fungo la ndowe, kukoma kwa moyo wa kumudzi.

Chabwalo analipira mazira 30, thireyi yathunthu. Mesenjala anaiika pafupi ndi phazi la amfumu, amfumu n'kuiphimba ndi litchowa lawo ngati akufungatira.

Tinawomba m'manja, nduna yaikulu inatsokomola katatu monga mwa mwambo wake, a Pulofesa n'kuimirira.

"Gogo Chalo, nduna zolemekezeka, ndi inu abale anga amene mukadali mumdima," anayamba motero, chala chili pa foni. "Mkaka ndi chinthu chamoyo. Ukamatuluka m'bere la ng'ombe umakhala ndi ma-enzayimu."

Amfumu anafunsa ngati anthu amenewa anakaonekera kwa nyakwawa polowa m'mudzi muno.

"Si anthu, Gogo, ndi mphamvu. Tsono M'phika uwu, mogwirizana ndi Moto amene wathawa bwalo lino, umatenga mkaka wamoyo n'kuupha, ife n'kumamwa mtembo. Mulungu akanafuna kuti mkaka uziwira, bwenzi ataika mafuwa pansi pa ng'ombe. Munaonapo thole likusonkha moto? Zowiritsazi anatibweretsera ndi mzungu wa ku France, Louis Pasteur, kuti makampani alemere. Abale anga, tisamangomvera zilizonse za azungu." Apa anatembenuza foni kuti tione mzungu amene anawauza zimenezi. "Ine ndamwa wosawiritsa zaka ziwiri, m'mawa uliwonse, ndi dzira laliwisi pamwamba. Tandionani."

Anazungulira kuti tiwaone mbali zonse. Kunena chilungamo, thupi linalipo.

M'phika unafunsidwa ngati ukuuvomera mlandu. Unangokhala duu, kukamwa kuli yasa, matako ali bii ndi mwaye. Nduna ina inati kukhala chete ndi mwano, ina inati ndi ulemu, ndipo ndinalemba zonse ziwiri.

Mboni yoyamba inali Ng'ombe, ya mabanga akuda ndi oyera. Inati: "Ine ndimagona pa ndowe zanga, ndipo bere langa silikhala ndi mphasa yakeyake." Anaiuza kuti ikhale pansi, inakhaladi pa ndowe.

Thole linati: "Ine ndimayamwa pomwepo, sindidikira njinga."

Nkhuku ya Mikolongwe, yakuda ngati ili pa maliro, inalankhula ikuyang'ana thireyi ya amfumu ndi diso limodzi: "Dzira ndi chitosi zimatulukira khomo limodzi. Nyumbayo sindinamange ndine."

Mayi woyandikana ndi a Pulofesa, amene amagulitsa mazira pakhonde, anati: "Mazira anga ndi abwino, Gogo. Koma a pathireyiwo sanandilipire."

Mtsogoleri wa kwaya, yemwe wakhala akumeza mazira aawisi kuti mawu asalale, anapemphedwa kuti aimbe mzere umodzi. Umboni wake unathera pomwepo.

Mlangizi wa zaumoyo anabwera ndi mapepala aakulu ojambulapo zithunzi, amene anayenda nawo pa njinga kuchokera kuchipatala. Anawafunyulula, n'kunena kuti, "Zikomo amfumu. Matenda amene amabwera kudzera mu..." Nduna yaikulu inayang'ana wotchi yake, imene inaima kalekale, n'kunena kuti nthawi ya mboniyi yatha.

Poti buku ndi langa, ndiikepo mawu anga pa za mazirazi, pakuti mlandu wa Chiwaya unangonamatidwa pa unzakewo. Ine mazira ndimagula kwa mayi yemwe uja ndipo sindidzasiya. Dzira limatuluka litavala kale, lili ndi kachikuto kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba. Mukalitsuka lero n'kulisunga, mwalivula, ndipo madziwo akhoza kukokera litsiro m'kati. Lopaka chitosi mumalipukuta ndi kansalu kouma, kulitsuka pa tsiku lophika. Long'aluka n'la galu. Amene mwawatola pathengo pamene nkhuku inkaikira mobisa, aponyeni m'madzi, loyandama ndiye lakalamba. Koma lomira silinalumbire kuti ndi loyera, chifukwa Salmonella amatha kukhala m'kati mwenimweni dzira lisanavale n'chigoba chomwe. Ku Britain mu 1988 nduna ina ya zaumoyo, Edwina Currie, inanena poyera kuti mazira ambiri a m'dzikomo ali ndi kachilomboka, alimi a nkhuku anakwiya, ndipo pasanathe milungu iwiri inatula pansi udindo. Nduna kusiya ntchito chifukwa cha dzira! Kwathu kuno ngakhale khola lonse litasowa, nduna imangosintha unduna. Choseketsa n'choti dzira lophika ndi limene thupi limaligaya bwino, laliwisi pafupifupi theka la zomanga thupi zake limangodutsa ngati mlendo wa pa basi. Tinachoka kutali, kumene amayi oyembekezera ankaletsedwa dzira kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi. Alangizi anatha nsapato kuthetsa zimenezo. Lero mayi wayamba kudya dzira, wina akubwera kudzamuuza kuti alimeze laliwisi.

Kenako mesenjala anaitana mboni yomaliza, imene palibe anaiitanitsa. Chigubu chinalowa chikugubuduzika, chachikasu, cha malita 20, chivindikiro chake chomangidwa ndi kajumbo ndi mphira. Fungo linafika kwa amfumu icho chisanafike.

"Gogo Chalo," chinatero, "ine ndabwera kudzaikira kumbuyo a Pulofesa. Anthu akuwaseka, koma akunena zoona. Mkaka ndi wamoyo. Ine ndimaunyamula m'mimba mwanga tsiku ndi tsiku, ndipo moyowo ndimaumva ukuswana."

A Pulofesa anawomba m'manja okha.

"Ndiyambe ndi mbiri yanga, poti mboni yopanda kwawo n'njokayikitsa. Ndinabadwa chigubu cha mafuta ophikira, m'sitolo ina ku Limbe. Mafuta atatha ndinagulitsidwa kwa mayi wa zitumbuwa, ndinatunga madzi pa mjigo zaka ziwiri. Chaka cha mizere ya mafuta ndinagona pa filing'i siteshoni usiku utatu, ndipo za zimene ndinanyamula nthawi imeneyo ndipempha bwalo lisandifunse. Ndinadutsako ku kachasu, mwachidule. Lero ndine wa mkaka. Tsono taonani pakamwa pangapa, Gogo. Chibadwire changa dzanja la munthu silinalowepo m'mimba mwanga. Silingakwane. Kusamba kwanga n'kwakuti amathira madzi pang'ono ndi timiyala, kukhutchumula katatu, basi ndayera. Koma kuseri kwa chogwirirachi kuli ngodya imene madzi safikako. Kumeneko kuli phala loyera la chaka chatha, ndipo kuli mudzi, Gogo, waukulu kuposa wanu uno. Uli ndi nyakwawa zake. Mkaka watsopano ukalowa m'mawa amaulandira ndi nthungululu.

"Tsiku langa limayamba tambala woyamba. Wokama amadzuka, amapita kuseri, amabwerako. Sopo anatha Lamlungu. Amakama mu ndowa, mumdima, akutsokomola, ng'ombe ikukupiza mchira umene mwauona uja. Bere limodzi latupa, likutulutsa timibulu, koma kutaya mkaka wa bere lathunthu ndi kutaya ndalama ya madeya. Amasefa ndi kansalu. Kansaluko kanali malaya a chipani, ndipo monga chipanicho, kamagwira zazikulu zokha zooneka ndi maso, zing'onozing'ono zonse n'kumadutsa.

"Tikatero timapita ku gulu la alimi, kumene kuli thanki yoziziritsira. Kumeneko kuli anthu opanda chisoni. Amaponya kagalasi koyandama mumkaka, kakamira kwambiri ndiye kuti mwathira madzi. Amatapa pang'ono kusakaniza ndi sipiriti, ukachita mibulu ndiye kuti wayamba kusasa. Wopambana mayeso umalowa m'thanki, galimoto ya kampani n'kudzautenga. Wolephera, kapena wa tsiku limene magetsi azima thanki n'kufunda, mukuganiza kuti amautaya? Umenewo ndiye wanga, Gogo. Ine ndine sukulu ya olephera mayeso.

"Panjira pali kamtsinje. Pamenepo pamachitika chozizwitsa chimene ngakhale ku Kana sanachione, malita 15 amasanduka 20. Ubatizo umenewu umachitikira kumunsi kwa pamene amayi amachapira matewera. Akatero amandimanga pa kaliyala ndi mphira, ulendo wa ku Limbe, kukwera Bangwe, dzuwa lili pamsana. Mkaka umatuluka m'ng'ombe uli wofunda ngati thupi, ndipo odziwa amati uzizire msanga kufika pa madigiri 4. Ine madigiri 4 ndimangowamva, ngati London. Tsono alendo anga aja akapeza pofunda ndi chakudya, wina amatha kugawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. A mlembi, lembani. Mmodzi pa 6 koloko, ikamakwana 10 koloko ali 4,096. Kuchokera kwa mmodzi! Nanga amene analowa ndi mchira uja anali mmodzi? Ma-enzayimu a a Pulofesa sindinakumane nawo, mwina amakhala chipinda china. Amene ndimawadziwa ndi a Salmonella, a Campylobacter, a E. coli amene mtundu wawo wina umatsegula m'mimba mwa magazi n'kukaononga impso za mwana, ndi a Listeria, munthu wodzichepetsa, amene filiji saiopa, amaswana momwemo mwakachetechete, ndipo akapeza mayi woyembekezera amalunjika kwa mwana ali m'mimbayo. Onsewa ndi achilengedwe, Gogo. Palibe anapangidwa ku fakitale."

A Pulofesa anadzuka. "Gogo Chalo, ndikutsutsa! Ine sindigula wa pa njinga. Wanga umachokera kwa mnansi wanga, m'khola laukhondo. Ng'ombeyo ndimaidziwa ndi dzina lomwe."

"Dzina mumalidziwa," chinatero Chigubu. "Magazi ake munawaona? Ndilankhuleko za kunja, poti bwalo lino limalemekeza za kunja. Musadabwe kuti ndazidziwa bwanji, pa maphunziro a alimi mipando ikachepa amakhalira ine, ndipo ndimamvetsera kuposa okhalawo. Pa chilumba cha Malta asilikali a Britain ankadwala malungo osamva mankhwala, obwera n'kupita, kutuluka thukuta usiku, kuphwanya m'mfundo miyezi ndi miyezi. Mu 1887 dokotala wa asilikali, David Bruce, anapeza kachilombo kake, n'chifukwa chake lero kamatchedwa Brucella. Bruce yemweyo anadzafikanso kuno ku Nyasaland kudzafufuza za kaodzera. Koma kumene kachilomboko kankachokera anadzakutulukira ndi dokotala wa ku Malta komweko, Themistocles Zammit, mu 1905. Mbuzi, Gogo. Mbuzi zonenepa, zooneka bwino, zimene eni ake ankayenda nazo khomo ndi khomo n'kukama wogula akuona. Panalibe chigubu, panalibe njinga, panalibe kamtsinje. Mkaka wa pompopompo kuposa umenewo kulibe. Asilikali ataletsedwa mkakawo, matenda anagwa. Tsono ng'ombe ya dzina ija, a Pulofesa, si ija inapoloza chaka chatha? Munafunsa chifukwa chake? Kachilombo kameneka ntchito yake ndi imeneyo. Ndipo munthu kakamugwira, kuno timangoti malungo, kumwa mankhwala a malungo, osachira, kenako tiyambe kuloza nyumba ya agogo ena kuti ndi mfiti. Chilipo chinanso, chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Ng'ombe imatha kukhala nacho ikudya nsenjere bwinobwino, n'kuchipereka mumkaka, mwana n'kutupa m'khosi.

"Ngakhale ku America kwanuko, mu March 2024 ku Texas anapeza chimfine cha mbalame chitalowa m'ng'ombe za mkaka, kachilombo kali tho mumkakamo. Amphaka a pa mafamu amene anamwa wosawiritsa anafa. Amphakawo foni yanu inakuonetsani?

"Za Pasteur mwamunamizira. Munthuyo m'zaka za m'ma 1860 ankalimbana ndi vinyo wosasa, za mkaka anadzazitengera ena pambuyo. Ndipo nzeru yake si yodula. Ku fakitale amautenthetsa madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena madigiri 63 kwa mphindi 30. Kumudzi kuno choyezera tilibe, tili ndi maso, mkaka ukafufuma kufuna kuthawa mumphika ndiye kuti zatheka. Chimene chimafa n'chiyani? Timavitamini tina timachepako pang'ono, timene gwafa mmodzi wa pa mpanda angakubwezereni ndi chenji. Zomanga thupi zilipo, zolimbitsa mafupa zilipo. Sindikuti M'phika ndi mngelo. Ng'ombe ikabayidwa jakisoni dzulo, mankhwalawo M'phika suwachotsa, madzi a kamtsinje aja suwabweza ndalama. Koma pa mlandu wakuphawu, Gogo, ndikuvomereza, M'phika umapha. Wandiphera abale ambiri. Ndikanakhala ndi maso bwenzi ndikulira."

Anthu anaseka mpaka mwana wina anagwa pa nthambi. A Pulofesa anakweza mawu pamwamba pa phokosolo: "Nanga makolo athu? Ankamwa chambiko chosawiritsa, osafa!"

Agogo ena amene anakhala pa mphasa kumbuyo, osaitanidwa ndi aliyense, anayankha osadzuka: "Ndinabereka khumi, mwanawe. Amene anafawo sabwera pabwalo."

Kuseka kunazima. Chigubu chinanong'ona kuti kusasa kumavutitsa tizilombo tina koma Brucella ndi chifuwa chachikulu zimapirira, kuti chambiko chabwino n'chowiritsa kaye, kuziziritsa, n'kuthiramo kachambiko ka dzulo. Palibe anachimva. A Pulofesa anali atatsegula kale foni. "Umboni uli kuti?" anatero. "Ndani m'mudzi muno anadwalapo ndi mkaka? Pepala la dokotala lili kuti?"

Apa cholembera ndinachisiya, chinangolendewera pa chingwe chake.

Pepala mukulifuna, a Pulofesa? Mlongo wanga ali ndi mwana wa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Uthenga wanu wa mawu uja, umene munatumiza pa gulu la WhatsApp la mpingo, unamufika kudzera pa foni ya mnzake. Munthu amene mtolo wa nkhuni amaugula, amene makala amagula a m'kajumbo, mukamuuza kuti kuwiritsa n'kuononga, mwamuuza nkhani yabwino. Anakhulupirira chifukwa ndinu ophunzira, muli ndi nyumba ya malata ofiira, mumalankhula Chingelezi pa maliro. Anayamba kumuthirira mwana m'phala wosawiritsa, wa m'chigubu chonga ichi, poti wa ng'ombe ya dzina sangaukwanitse. Usiku wina mwana anayamba kutsegula, kenako magazi. Ndinamunyamula ndine pa kabaza 2 koloko usiku, mutu uli lende pa mkono wanga ngati wa nkhuku yodwala chitopa. Anamwino anafunafuna mtsempha m'manja osaupeza, dripi anakamubaya pamutu. Pa bedi limodzi anagona ana atatu. Masiku asanu ndi limodzi mlongo wanga anagona pansi pa bedilo, pa chitenje. Mwanayo ali moyo, koma anali atayamba kuyenda ndipo anabwerera kukwawa. Pepala lonena kuti kachilombo kake ndi aka palibe anatipatsa. Chimbudzi cha mwana wa mmphawi sachiyeza dzina la kachilombo, amamupatsa madzi ndi mankhwala n'kupemphera kuti bedi lipezeke la wina. Inu mukudziwa zimenezi, n'chifukwa chake mukufunsa pepala molimba mtima. Inuyo m'mimba mukangolira, galimoto ilipo, chipatala cholipira chilipo, mwana wa ku Johannesburg atumiza ndalama dzuwa lisanalowe. Azungu anu a pa foniwo ng'ombe zawo zimayezedwa, ali ndi madzi a m'mipope ndi ambulansi, ndipo ngakhale iwo amadwala nawo. Inu mwatenga masewera a anthu okhuta n'kudzawatula pa ana, pa amayi oyembekezera, pa anthu amene akumwa ma ARV, pa nkhalamba. Mukadafuna kuthandiza mudzi uno bwenzi mutagulira gulu la alimi zitini zachitsulo zotsukika m'kati. Munagula bando.

Zonsezi ndinazinena mokweza, nditaimirira, ndipo mlembi saloledwa kulankhula. Nduna yaikulu inandilipiritsa nkhuku imodzi, Nkhuku ya Mikolongwe n'kusuntha kukakhala kutali nane. Ndinatola cholembera.

Amfumu, pofuna kuziziritsa bwalo, anafunsa ngati wodandaula ali ndi mboni yoti itsimikize za thanzi lawo. A Pulofesa anakodola mtsikana wawo wantchito, amene anali atawagwirira ambulera. Mtsikanayo anagwada, maso ali pansi.

"Mkaka wa abwana, amayi anandiuza kuti ndiziwiritsa iwo akadali m'tulo, ndikauziziritsa mufiliji ndiye ndiziwapatsa. Dziralo amangojambulitsa nalo, ndimakazinga."

Zaka ziwiri, anthuni. Thupi lonse lija limene tinalizungulira ndi maso linali ntchito ya woimbidwa mlandu. M'phika sunanene kanthu, koma amene anakhala pafupi akuti unaoneka ngati wakula.

Kumwamba kunali kutayamba kuda cha ku Thyolo, ndipo mayi a kunyumba kwa amfumu anali akukuwa za nandolo. Chigamulo chinaperekedwa amfumu ataima kale, mwendo umodzi uli panjira. M'phika ulibe mlandu koma ukakwechedwe, ukuchititsa manyazi bwalo. Chiwaya chimodzimodzi. Moto, poti sunabwere, ulipe mbuzi. Chigubu chidulidwe pakati chikhale chomwera nkhuku, ndipo Nkhuku itafuna kuchita apilo inauzidwa kuti nthawi yatha. A Pulofesa alipire mazira a mayi uja lero lomwe. Za foni, amfumu anati akaiona kaye okha kunyumba kwa masiku angapo, poti muli umboni. Mlangizi wa zaumoyo adzabwerenso tsiku lina, limene silinatchulidwe.

Mvula itayamba tinathawira pakhonde. Mazira a chabwalo anaphikidwa mu M'phika womwewo, usanakwechedwe, ndipo anagawidwa potsata maudindo, amfumu asanu ndi limodzi, nduna atatuatatu, mlembi limodzi long'aluka. A Pulofesa anakana kawiri. Kachitatu anatenga awiri, n'kufunsa ngati pali kamchere.